Beetle ya 1974 ikatentha imangoti "tik", ndaika relay koma tsopano batire likutha lokha

Bambo a Chisomo, Zomba:
Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi vuto landisowetsa tulo. Ndili ndi Volkswagen Beetle ya 1974, injini ya 1600, imene anandisiyira malemu bambo anga. M'mawa imalira bwinobwino, kungopotokola kiyi kamodzi basi. Koma ndikayenda ulendo wautali n'kuzimitsa, sikufunanso kulira. Mwezi watha ndinachoka kuno kupita ku Limbe, ndinaima pothira mafuta, pofuna kunyamuka inangoti "tik" kumbuyo uko, sitata osazungulira. Anyamata atatu anandikankha, inalira pomwepo. Ndikaisiya mphindi 40 kuti izizire imaliranso ndi kiyi ngati palibe chachitika.

Mphwanga amene amadziwako zamagetsi anati tiike relay, kaswichi kotsegulidwa ndi kutsekedwa ndi magetsi, pa waya wopita ku sitata. Tinagula soketi yatsopano ya mawaya ake kale, relay tinagula padera kwa ogulitsa zipangizo zakale pamsika. Tinaika pansi pa mpando wakumbuyo. Koma zinthu zafika poipa kuposa kale. Tsopano ngakhale m'mawa nthawi zina imakana. Ndipo nditaisiya masiku 10 osayenda ndinapeza batire latheratu, chonsecho ndi la chaka chino. Kodi ndigule sitata ina? Sindikufuna kutaya ndalama pa chinthu chimene sichinafe.

Mnyamata wa ku Kawale:
Sitata yatha imeneyo bambo. Kukankha ikulira, kiyi ikukana, palibenso china. Kagulenso ina.

Madala a ku Ndirande:
Ayi mwana wanga, tisathamangire kumeneko. Sitata yakufa siisankha nthawi yoti m'mawa igwire, masana ikane. Bambo a Chisomo, musagule kanthu kaye. Ine ndagona pansi pa magalimoto amenewa zaka zambiri, ndipo masitata ambiri amene ndinaona akutayidwa anali amoyo.

Vuto la Beetle lili pa ulendo umene moto umayenda. Batire lili pansi pa mpando wakumbuyo, sitata ili pa giyabokosi chapafupi pomwepo, mwina kutalika kwa mkono. Koma moto woti ukadzutse solenoidi, kachipangizo ka maginito kamene kamalumikiza sitata ku batire, suyenda njira yachidule imeneyo. Umachoka kumbuyo kupita kutsogolo, pa zambiri za zaka zimenezo umadzera pa swichi ya nyali, kenako pa swichi ya kiyi, n'kubwereranso kumbuyo kukafika pa kamwendo ka solenoidi kolembedwa 50. Galimotoyo ndi ya mamita 4, ndiye moto wayenda ulendowo kawiri. Polumikizira paliponse pali dzimbiri la zaka 50, ndipo paliponse pamadya kamoto pang'ono. Solenoidi ikamakoka imafuna ma amp 30 kapena kuposerapo kwa kamphindi kochepa. Ikatentha, waya wa kopa wa mkati mwake umakanizanso moto kwambiri, mphamvu yokokera n'kuchepa. Ndiye mwaphatikiza ziwiri: moto wofika ndi wochepa, solenoidi nayo yafooka ndi kutentha. Kamvekedwe ka "tik" mukumvako ndi solenoidi ikuyesa koma osafika kumapeto.

Ndiye mphwanu sanalakwe kuganiza za relay. Chimene chikundidabwitsa ndi batire kutha. Relay yoikidwa bwino siidya moto galimoto itazima.

Nachisale wa zamagetsi, Lilongwe:
Madala anena zoona, ndipo pa batirepo ndi pamene ndikufuna tiyambire. Bambo a Chisomo, ndiyankheni mafunso awiri. Mukalumikiza waya ku batire, kiyi ali m'thumba, mumamva relay ikulira? Ndipo wina akapotokola kiyi, inu mutaika chala pa relay, mumamva ikugunda?

Bambo a Chisomo, Zomba:
Zikomo Madala, zikomo achemwali. Ndangochokera kukayesa. Ndinamasula waya wa ethi, wa negativi uja, pa batire n'kuugunditsanso, ndipo relay inati "tik" nthawi yomweyo, kiyi ali pa tebulo m'nyumba. Ndikachotsa waya imatinso "tik". Mwana wanga atapotokola kiyi, relay sinagunde konse, chinagunda ndi solenoidi pansi paja. Chinanso, ndisanamasule waya ndinaigwira relay ndipo inali yofunda ngati dzira longoikiridwa kumene, chonsecho galimoto yagona usiku wonse.

Mnyamata wa ku Kawale:
Ndiye relay ndi yakufa, yamatirira mkati. Zapamsikazi ndi choncho.

Nachisale wa zamagetsi, Lilongwe:
Achimwene, yomatirira siigunda mukachotsa ndi kubwezera moto. Iyi ikugunda, ndiye ndi yamoyo. Koma ikugunda pa nthawi yolakwika, kutanthauza kuti koyilo yake, waya wokulungidwa umene umakoka relay kuti itseke, ikulandira moto nthawi zonse. Kufundako ndi umboni.

Tiyeni tikumbutsane manambala, chifukwa magalimoto a ku Germany ndi ma relay ambiri amatsata manambala amodzimodzi a DIN 72552. Mwendo 30 ndi moto wochokera ku batire. Mwendo 87 ndi potulukira moto relay ikatseka, umenewo upite ku 50 ya solenoidi. Miyendo 85 ndi 86 ndi ya koyilo: 86 ilandire waya wakale wochokera ku kiyi, 85 ipite ku ethi. Zikakhala chonchi, swichi ya kiyi imangonyamula kamoto ka koyilo, kosakwana theka la theka la amp, ndipo katundu wolemera uja amadutsa njira yaifupi kuchoka pa batire.

Bambo, zulani relay mu soketi, muitembenuze, muwerenge manambala olembedwa m'mbali mwa miyendo yake yeniyeniyo. Musayang'ane mitundu ya mawaya a soketi. Mundiuze kuti waya wonenepa wochokera ku batire ukugwera pa mwendo wa nambala yanji.

Achimwene a ku Jubeki:
Ndikutsatira nkhaniyi mwachidwi chifukwa inenso ndili ndi yanga ya 1976 kuno. Bambo a Chisomo, yanuyo mwina ndi ya ku Uitenhage kuno ku South Africa, kumene tsopano akukutcha Kariega. Kumeneko anayamba kupanga Beetle mu 1951 mpaka January 1979. Poyembekezera yankho lanu ndikupempheni chinthu chimodzi: poti mukuchotsachotsa mpando wakumbuyo, onetsetsani kuti mutu wa batire wa positivi uli ndi chovindikira. Mpando uja uli ndi masipuling'i achitsulo pansi. Munthu wolemera akakhala, chitsulo chimatha kugunda mutu wa batire, ndipo udzu wa mkati mwa mpando sumachedwa kuyaka. Beetle zambiri zapsa motero. Ngati chovindikira chinatayika, dulani chubu chakale cha tayala muyalepo.

Bambo a Chisomo, Zomba:
Achimwene mwandithandiza, chovindikira kulibe, ndayalapo mphira wa chubu pompano.

Achemwali, ndawerenga ndi tochi chifukwa manambala ndi ang'onoang'ono. Waya wonenepa wofiira wa ku batire ukugwera pa mwendo wolembedwa 86. Kawaya kowonda koyera kamene tinalumikiza ku waya wa kiyi kakugwera pa 30. Wa ethi uli pa 85, wa ku solenoidi uli pa 87. Koma mphwanga akulumbira kuti anatsata kapepala kamene kanabwera ndi soketi, ndipo ndakaona, anatsatadi.

Nachisale wa zamagetsi, Lilongwe:
Basi, tachipeza. Mphwanu musamudzudzule, ambiri agwapo pamenepa. Ma relay a miyendo inayi kapena isanu aja amaoneka ofanana ndipo amalowa mu soketi imodzimodzi, koma alipo a mitundu iwiri. Wofala ndi umene amautcha Type B. Winawo, Type A, umapezeka m'magalimoto ena a ku Ulaya monga BMW zina, ndipo miyendo 30 ndi 86 inasinthana malo. Soketi yanu ndi ya mtundu wofala, relay yanu ndi ya mtundu winawo.

Taonani chimene chikuchitika. Moto wa batire ukulowa pa 86, kudutsa koyilo, kutulukira pa 85 kupita ku ethi. Ndiye relay ndi yotseka usana ndi usiku. Koyilo yotere imadya pafupifupi 0.15 amp. Zikuoneka zochepa, koma pa maola 24 ndi 3.6 Ah (ma amp kuchulukitsa ndi maola), pa masiku 10 ndi 36 Ah. Batire la 45 Ah silingalizenso galimoto litataya zochuluka chonchi. Ndiye mukapotokola kiyi, moto wa solenoidi ukuyendabe ulendo wautali wakale uja, kupita kutsogolo ndi kubwerera, kenako ukupanikizidwa mu kawaya kowonda koyera kaja kamene anakapangira kamoto ka koyilo, n'kudutsa 30 kupita 87. Mwawonjezera chopinga pa njira imene inali kale yovuta. N'chifukwa chake ikukana ngakhale m'mawa.

Ngati muli ndi mita, tsimikizani nokha. Ikani pa 10A, mumasule waya wa ethi pa batire, mita ikhale pakati pa wayawo ndi mutu wa batire. Muone nambala relay ili m'malo, muonenso mutaizula. Koma musapotokole kiyi mita ili pamenepo, muotcha fyuzi ya mita.

Bambo a Chisomo, Zomba:
Ndabwereka mita kwa aneba okonza mafiriji. Relay ili m'malo 0.16. Nditaizula 0.00. Ndakhala kaye pansi. Ndinali nditayamba kale kufunsa mitengo ya sitata.

Madala a ku Ndirande:
Mwana wamkaziyu wagwira ntchito yabwino. Koma ine ndili ndi mawu, ndipo ena sakondwera nawo. Mukasintha relay galimoto idzalira, inde. Koma matenda amene munabwera nawo poyamba adzakhala akadalipo, mwangowafunditsa bulangeti. Galimotoyi inachoka ku fakitale yopanda relay imeneyi ndipo inkalira kukutentha kwa ku Nchalo komwe. Ngati lero moto sukufika, pali malo pamene ukutayikira, ndipo pamene moto ukutayikira pamatentha. Waya wofiira umodzimodziwo ndi umene umadyetsa nyali zanu ndi koyilo ya injini. Mukapanda kuusamala, tsiku lina mudzamva fungo la pulasitiki kuseri kwa dashibodi.

Ndiye ine ndikuti musanabwezere relay, lumikizani waya wa 50 monga unalili kale, mutchaje batire, muyese. Mita pa mavolti, chingwe chofiira pa kamwendo ka 50 pa solenoidi, chakuda pa chitsulo cha giyabokosi, wina apotokole kiyi. Muyesenso pa mitu ya batire nthawi yomweyo. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndi moto umene ukutayika m'njira.

Achimwene a ku Jubeki:
Madala, ndikugwirizana nanu pa zoyeretsa, koma relay ndisaikane. Swichi ya kiyi ya zaka 50 kuinyamulitsa ma amp 30 tsiku ndi tsiku ndi kuipha. Zatsopano zimene zikupezeka masiku ano, ine ndasinthapo ziwiri, sizilimba ngati yoyambirira ija. Bola kuteteza yakaleyo.

Madala a ku Ndirande:
Sindinati asaike, achimwene. Ndati ayambe adziwa chimene akubisa. Akayeretsa n'kuika relay pamwamba pake, ine ndilibe mlandu nawo.

Mnyamata wa ku Kawale:
Pepani akuluakulu ndinathamanga. Koma ndifunse, nanga bambowa adziwa bwanji kuti sitata yeniyeniyo ilibe vuto? Mwina zonse ziwiri zilipo.

Madala a ku Ndirande:
Funso labwino limenelo. Pa nthawi imene yakana, itatentha, tengani kawaya kapena sikuludiraiva mugunditse bawuti yaikulu ya solenoidi, pamene pafikira chingwe cha batire, ndi kamwendo ka 50. Ikazungulira mwamphamvu, sitata ndi solenoidi zili bwino, vuto lili m'njira. Koma mverani bwino apa: giya ikhale pa fulii, muigwedeze kawiri kutsimikiza, handibuleki yokoka, miyala kumatayala, kiyi wozimitsa. Ndipo musalowe pansi galimoto ili pa jeke yokha. Ikakhala mu giya idzakuyenderani muli pansi.

Ikakana ngakhale mwagunditsa chonchi, ndiye tiyang'ane zitatu. Choyamba lamba wa ethi, waya wolukana uja wochoka kutsogolo kwa giyabokosi kupita ku chasisi. Injini ndi giyabokosi zakhala pa mphira, ndiye moto wonse wa sitata umabwerera kudzera pa lamba ameneyo. Akachita dzimbiri kapena kuduka, moto umafuna njira ina, ndipo ndinaonapo kebulo ya kilatchi itatentha chifukwa cha zimenezi. Chachiwiri mabulashi. Waya wokokera wa mu solenoidi umapeza ethi yake kudzera m'mabulashi a sitata, ndiye akatha, solenoidi imafooka ngakhale moto ukufika wokwanira. N'chifukwa chake ena amagogoda sitata ndi sipanala n'kulira. Chachitatu ndi kabushi. Sitata ya Beetle ya giya yamanja ilibe chogwirira shafiti kumapeto kwake, shafitiyo imakalowa mu kabushi kamene kali mu giyabokosi momwemo. Kakadyeka, shafiti imapendama ndipo sitata imazungulira molemera ngati batire latha. Anthu amasintha sitata n'kusiya kabushi kakale, vuto n'kubwerera.

Bambo Tembo, Chipata:
Muli bwanji abale a ku Malawi. Ine yanga ndi Land Rover Series III ya petulo, solenoidi yake ili payokha, siili pa sitata, ndiye nkhani ya waya wautali ilibe mphamvu kwenikweni kwa ine. Koma za lamba wa ethi ndikuchitira umboni. Ndinavutika nyengo yonse ya dzinja, kumapeto kunali kungomasula bawuti imodzi ndi kupala dzimbiri. Ndiwonjezereko chimodzi kwa amene adzagule relay ya miyendo isanu: mwendo wapakati wolembedwa 87a muusiye wopanda kanthu. Umenewo uli ndi moto pamene relay yapuma. Mukalumikiza solenoidi pamenepo, sitata idzayamba kuzungulira mukangogunditsa waya ku batire.

Nachisale wa zamagetsi, Lilongwe:
Zoona Bambo Tembo. Ndiwonjezere za kaikidwe, poti Bambo a Chisomo abwerezanso ntchitoyi. Njira ndi ziwiri: kugula relay ya mtundu wofala, kapena kusolola timapini tiwiri mu soketi n'kutisinthanitsa. Ine ndingakonde mugule relay yatsopano ya 30A kapena 40A, soketi ikhale monga ilili, kuti wina wodzasintha mtsogolo asadzagwenso m'dzenje lomweli. Musanaiike, yesani ndi mita pa ma ohm: pakati pa 85 ndi 86 muone pakati pa 60 ndi 100, pakati pa 30 ndi 87 pasakhale kulumikizana. Ngati pa chithunzi cha pa relay pali diode, kachipangizo kodutsitsa moto mbali imodzi yokha, 86 ikhale ku moto ndipo 85 ku ethi, mukatembenuza muiotcha.

Waya wa ku 30 ndi wa ku 87 ukhale wa 4 mm², waufupi momwe mungathere. Fyuzi ya 30A ikhale pafupi ndi batire penipeni, osati pafupi ndi relay, chifukwa ntchito yake ndi kuteteza waya wonsewo ukakhudza chitsulo. Mwanena za soketi ndi relay koma fyuzi simunaitchule, ilipo? Ethi ya 85 muimange pa chitsulo chopala mpaka kuwala, osati pa penti. Ndipo munachita bwino kuika pansi pa mpando. Ena amaimangirira pa sitata penipeni, mvula ikayamba matope ndi madzi zimalowa, miyezi ingapo yafa.

Bambo a Chisomo, Zomba:
Fyuzi kunalibe achemwali. Waya unachoka pa batire kupita ku soketi mwachindunji, ndipo unkadutsa m'mphepete mwa chitsulo cha mpando. Ndachotsa zonse usiku womwe uno. Loweruka ndichita monga Madala anenera, ndidzakuuzani.

Bambo a Chisomo, Zomba:
Ndabweranso akuluakulu. Batire linagona pa tchaja, m'mawa linali pa 12.6. Ndinabwezera waya wa 50 monga kale, ndinapita ku Liwonde ndi kubwerera kuti itenthe bwino, ndinazimitsa pakhomo. Inakana monga mwa nthawi zonse. Mwana atapotokola kiyi, pa batire panali 12.0 koma pa 50 panali 8.3 basi. Nditagunditsa bawuti yaikulu ndi 50, sitata inazungulira mwamphamvu. Ndiye sitata ya bambo anga ili moyo.

Kenako tinayamba kutsata waya ndi mphwanga. Pansi pa mpando pali polumikizira waya wa 50, mkati mwa kapulasitiki, tinapeza mobiriwira ngati ndalama yakale yokwiririka. Kuseri kwa swichi ya nyali, kapini ka waya wofiira wonenepa kanali kolobodoka, kongosolola ndi zala ziwiri, ndipo pulasitiki yake yachita yakuda mbali imodzi. Madala, fungo munanena lija linali litayandikira. Tinadula, tinaika timapini tatsopano, tinapala ndi sandipepa pena paliponse. Lamba wa ethi tinamumasula mbali zonse, anali ndi mafuta osakanikirana ndi dothi, koma sanaduke. Titamaliza, popanda relay, galimoto yotentha inalira ndi kiyi, pa 50 pakuonetsa 9.7 sitata ikuzungulira.

Lolemba ndinagula relay yatsopano, ndinawerenga manambala a miyendo ndili m'sitolo momwemo. Taika ndi fyuzi ndi waya wa 4 mm². Tsopano sitata ikamazungulira batire lili pa 10.8, pa 50 pali 10.5. Galimoto itazima mita ikuonetsa 0.00 ndipo relay ndi yozizira. Dzulo ndinapita ku Limbe, ndinaima pomwe paja anandikankha, inalira kamodzi.

Madala a ku Ndirande:
Ndasangalala kwambiri bambo. Kuchoka pa 8.3 kufika 9.7 ndi sandipepa ndi timapini tatsopano basi. Batire lija poti linatheratu kamodzi, muziliyang'anira. Likagona usiku n'kupezeka pansi pa 12.4 m'mawa popanda chodya moto, ndiye linavulala mkati.

Nachisale wa zamagetsi, Lilongwe:
Relay yakale ija musaisakanize ndi zina m'bokosi la zipangizo. Ilembeni chizindikiro ndi penti. Ndipo muike fyuzi ina ya 30A yapadera m'galimoto, chifukwa ikadzapsa imeneyo sitata sidzazungulira konse, mudzangomva relay yokha ikugunda.

Mnyamata wa ku Kawale:
Ine ndili ndi Datsun 1200 ya amalume imene ikuchita chimodzimodzi ikatentha, koma batire lake lili kutsogolo pafupi ndi injini. Madala, ndiyambire pa 50 pomwepo kapena pa ethi?

Madala a ku Ndirande:
Yamba ndi mitu ya batire, uimasule uone mkati mwake. Kenako mita pakati pa mutu wa negativi ndi chitsulo cha injini wina akuliza, isapitirire 0.3. Ukapeza manambala ubwere nawo, ndipo unene ngati ikumveka "tik" kamodzi kapena ikugunda motsatizana.